Wakuba Amene Anapukuta Fumbi

Lolemba limenelo mvula inagwa m'mamawa, yamawawa, yongonyowetsa msewu, ndipo pofika naini koloko dzuwa linali litatuluka ngati silinalakwe kanthu. Amisiri, bambo wokonza makompyuta, anali atangotsegula kashopu kawo pamene foni inalira. Anali Mayi a mabuku, amene ankayang'anira laibulale ya m'deralo.

"Amisiri, bwerani. Atibera."

"Chiyani?"

"Dzina lake sindilidziwa. Chija chodula chija."

Amisiri anaika sikuludiraiva m'thumba la malaya natseka shopu. Sanali munthu wa mafunso ambiri pafoni. Chimwalirire akazi awo, mawu awo ambiri ankapita kwa makina, poti makina sayankha mwano.

Laibulaleyo inali chipinda chimodzi chachitali, mashelefu a mabuku mbali ino, makompyuta asanu ndi imodzi mbali inayo. Ya pakona, pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu, ndiyo inali mfumukazi. Mwezi wathawo anthu akufuna kwabwino anali atapereka khadi ya zithunzi, chipangizo chachitali ngati njerwa, cha mafani awiri, chomwe chimapatsa kompyuta mphamvu yoyendetsa zithunzi zolemera. Anaiika ndi Amisiri omwewo. Kalasi ya amayi ophunzira kujambula mapulani a nyumba inkayembekezeka kuyamba Lachiwiri.

Mayi a mabuku anawachingamira pakhomo, mawu ali patsogolo, mpweya pambuyo.

"Ndayatsa bwinobwino, yayaka bwinobwino. Ndiye ndati ndiyeserere pulogalamu ya mapulani ija mawa lisanafike, yangoti zii, kenako uthenga woti khadi palibe. Kusuzumira kumbuyo, pali chibowo. Ndaimbira Apampando a komiti, abwera, alanda Alonda makiyi. Akuti faifi koloko komiti ikumana, Alonda ntchito yatha, kenako apolisi."

"Chitseko?"

"Chokiya. Mazenera onse ali bwino. Makiyi tili nawo awiri, ine ndi Alonda. Ine dzulo lonse ndinali ku ukwati wa mwana wa mchemwali wanga. Ndavina mpaka bondo ili likundikana. Anthu mazana awiri anandiona."

Amisiri anagwada namasula chivundikiro cha kompyutayo. Timisomali tonse tinalipo, tomangidwa moyenera, kosathina kwambiri. Anayang'ana m'kati nthawi yaitali. Kenako ananunkhiza.

"Mwapukutamo ndinu muno?"

"Ine? Ndimaopa ndi kuikhudza komwe."

Kompyuta ya pazenera la kumsewu imadya fumbi ngati nkhuku, ndipo mwezi umodzi ndi wokwanira kuti fani yake imere ndevu. Koma fani iyi inali mbee. M'kati munkamveka kafungo ka sipiriti. Chingwe cha sikirini, chimene chinali cholowetsedwa mu khadi yobedwayo, wakubayo anachisamutsira pa bowo lina kuti kompyuta izigwirabe ntchito. Ndipo mtolo wa zingwe, umene munthu ayenera kumasula kuti achotse khadi, unali womangidwanso ndi ulusi: kupinda katatu, kumanga pawiri, mfundo kuyang'ana kumbuyo.

"Wakuba ameneyu wapukuta fumbi," anatero Amisiri.

"Wakuba waukhondo?"

"Ndipo uku ndi kumanga kwanga."

Mayi a mabuku anaseka ngakhale sankafuna. "Ndiye mwaba ndinu?"

Amisiri sanaseke. Chaka chathunthu ankaphunzitsa anthu kukonza makompyuta Loweruka lililonse m'chipinda chomwechi. Anayamba khumi ndi awiri, anatsiriza atatu: mkamwini wawo wogulitsa mafoni, dalaivala wa takisi, ndi namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumtunda. Atatuwo anawaphunzitsa kamangidwe kameneka. Anawaphunzitsanso lamulo lina, loti ukapukuta kompyuta uzimata katepi ka pepala m'kati mwa chivundikiro, n'kulembapo tsiku, kuti wobwera pambuyo adziwe.

Anatembenuza chivundikirocho. Pansi pa katepi kawo ka mwezi watha panali kena katsopano. Panalembedwa tsiku la dzulo, ndipo pambali pake, 14:20. Anakamatula nakaika m'chikwama.

Zolemba nthawi iwo sanaphunzitse aliyense.

* * *

Alonda anali m'kanyumba kawo ka pageti, atavala jekete ya ntchito mpaka batani la pakhosi. Atawona Amisiri anaimirira natsamira khoma.

"Zaka naintini, Amisiri. Ngakhale pensulo sinasowepo."

"Dzulo munali pano?"

"Kuyambira sikisi m'mawa mpaka sikisi madzulo, monga mwa nthawi zonse."

"Analowa ndani?"

"Palibe."

"Cha m'ma thu koloko?"

"Palibe, bwana."

Zaka zonsezi anali asanawatchulepo bwana. Amisiri anayang'ana msomali wa pakhoma pomwe pankapachikidwa makiyi. Unali pafupi ndi chitseko, poti munthu wodutsa akanangotambasula dzanja.

"Munagona?"

"Ine sindigona pa ntchito."

"Munachokapo?"

"Sindinachoke."

"Khalani pansi, Alonda. Mwendo ukunjenjemera."

"Ndili bwino chiimirire."

Amisiri anagwedeza mutu natuluka. Munthu uyu kompyuta sankaidziwa, foni yake yomwe inali ya mabatani, yomangidwa ndi mphira. Kuba sanabe. Koma ankanama, ndipo msana wake sunachoke pa khoma lija ngakhale pang'ono.

* * *

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, choncho Amisiri anayamba ndi wa m'nyumba. Mkamwini anali pa kauntala yake mumsika, pakati pa zikwama za mafoni zolendewera ngati mileme.

"Apongozi, takulandirani. Mwamva? Kunja atulutsa foni yopinda katatu ngati mpango wa m'thumba. Ukaitambasula ikukhala ngati thireyi. Ndiye akuti chaka chamawa mabatire azitha sabata yathunthu, koma ine ndikukayika, chifukwa..."

"Khadi ya ku laibulale yabedwa."

Mkamwini anatseka pakamwa, chinthu chosachitikachitika.

"Dzulo, thu koloko itangodutsa. Wakuba wamanga zingwe ngati ine."

"Ndiye mwabwera kwa ine? Apongozi, dzulo thu koloko ndinali pa mpando wanu, m'nyumba mwanu, ndikukufotokozerani za magalimoto oyenda opanda dalaivala. Tinachoka folo koloko mwana wanu atanditsina."

Amisiri anakumbukira. Makutu awo anakumbukiranso.

"Komanso ine ulusi ndinasiya kalekale," Mkamwini anapitiriza, akutsitsa mawu ngati akuulula tchimo. "Ndimamangira timapulasitiki. Musakhumudwe, dziko likuyenda."

"Ndinaona. Mumasiya michira."

"Dikirani, tiifunse iyi." Anatenga foni natsegula pulogalamu ija imayankha mafunso ngati munthu. Analankhula nayo mwaulemu: "Tiuze, waba khadi ya zithunzi ku laibulale kwathu ndani?" Anawerenga yankho, nkhope n'kugwa. "Ikuti siingadziwe poti iyo sinalipo."

"Ndi yanzeru," anatero Amisiri. "Wina wabwera kudzagulitsa khadi mumsika muno?"

Apa Mkamwini anathandiza. Anthu ogula zipangizo zakale mumsikamo anali ndi gulu lawo pa foni, ndipo analemba funso pomwepo. Mayankho anabwera motsatizana ngati nyerere. Palibe anali ataona khadi yotero, ndipo onse ankafuna kudziwa mtengo ikapezeka.

"Chinthu chotere wakuba sagona nacho, apongozi. Amachitaya tsiku lomwelo. Ngati sichinafike muno, ndiye kuti sanabere kugulitsa."

"Wabera kugwiritsa ntchito."

"Ndipo ndani amalira usana ndi usiku kuti kompyuta yake ilibe mphamvu ya magemu?"

Onse awiri anayang'ana kumene kumaima matakisi.

* * *

Dalaivala anali atagona pa mpando wa galimoto yake, chipewa kumaso, mapazi pa zenera. Amisiri anagogoda pa denga.

"Sindikunyamula lero, ndili pa chisoni," anatero asanachotse chipewa. Atachotsa anadzuka msanga. "Ah, Madala. Pepani. Lowani, mukhale kutsogolo."

Amisiri anafotokoza m'mawu ochepa. Dalaivala anagwira pamtima.

"Ine Madala? Ndikanakhala ndi khadi imeneyo bwenzi lero ndikuvina pa denga la galimoto ino. Taonani." Anatulutsa foni. Dzulo kunali mpikisano wa pa intaneti wa gemu ya mjaha wa magalimoto, ndipo zotsatira zonse zinali pamenepo ndi nthawi zake. Dalaivala anathamanga mjaha woyamba teni pasiti thu, wachiwiri hafu pasiti thu. "Ndinali kunyumba, pa kompyuta yanga yokhosomola ija, mkazi wanga akundiponyera mawu kumbuyo. Mufunseni, adzakuuzani ndi zina zomwe simunafunse."

Pa 14:20 munthu uyu anali pakati pa mjaha. Amisiri anabweza foniyo.

"Chisoni n'chachiyani?"

"Folo koloko, Madala. Ndime yoti wopambana alowe fainolo. Andiika ndi wina wake amadzitcha Kadzidzi. Kadzidzi ameneyu ndamudya kambirimbiri. Amadziwa kuyendetsa, eya, koma makina ake ndi ofooka, galimoto yake imadumphadumpha pa sikirini ngati chule. Dzulo? Madzi. Kuyenda mwa myaa. Wandidutsa pa kona yomaliza ngati ndine ngolo ya abulu. Ine, zaka fifitini ndili pa chiwongolero chenicheni. Anzanga pano akundiitana kuti a ngolo."

"Kadzidziyo ndani?"

"Palibe amamudziwa. Salankhula, salemba, amangobwera n'kumenya anthu. Sabata ino umupeza masana, sabata yamawa m'mamawa, ngati munthu wa mashifiti. Fainolo ndi lero sikisi koloko. Ine sindionera. Ndionera pang'ono."

Kenako Amisiri anati, "Anamwino mwawaona posachedwa?"

Dalaivala anaseka mpaka kugunda chiwongolero. "Amene aja ndi magemu? Loweruka lililonse ankanditi ndine khanda la ndevu. Akuti bambo wamkulu kumathamangitsa timagalimoto ta m'galasi. Madala, amene aja ngakhale kuseka amachita kulembera tsiku."

Amisiri anatsika m'galimoto.

"Ndikuperekezeni?"

"Muli pa chisoni," anatero, nauyamba wapansi kubwerera ku laibulale.

* * *

Alonda atawaona akubwera anathamangira pa khoma lawo lija. Amisiri analowa, nakhala pa mpando, natulutsa mabanzi awiri amene anagula m'njira. Limodzi analiika pa tebulo, kutali ndi khomalo. Anadya lawo pang'onopang'ono.

Amisiri ankatha kudikira. Anadikirapo kompyuta ikukopera mafayilo maola naini osadandaula. Alonda anapirira mphindi khumi, njala ndi mwendo zikuwakambirana, kenako anausa moyo nakhala pansi.

Pa khomapo panali kalendala. Pa Lamulungu lililonse panali manambala a pensulo, awiriawiri, ndi nthawi pambali pake. Pa dzulo panalembedwa 168/95, ndipo pambali, 14:05. Nambala folo inali yotseguka pamwamba ngati kampando. Amisiri anatulutsa katepi kaja m'chikwama nakaika pafupi. Kampando komweko.

"Kuthamanga kwa magazi," anatero Alonda, maso ali pansi. "Chaka chino chonse. Anamwino amabwera Lamulungu lililonse kudzandiyeza, mwa chifundo chawo, salandira kanthu. Akaona kuti manambala akwera amandipatsa mankhwala, n'kundigoneka pa benchi iyi theka la ola, maso otseka. Dzulo anakwera."

"Bwanji osanena?"

"Komiti ikamva kuti mlonda ndi wodwala, ndipo amagona pa benchi masana, isunga mlonda wotero? Komanso ndikatchula Anamwino, ndiye kuti ndaloza chala munthu amene akundisunga ndi moyo. Iwo aja sangabe, Amisiri. Bola andichotse."

"Idyani banzi," anatero Amisiri.

Wotchi ya pa foni inati kota pasiti fili.

* * *

Pa chipatala cha kumtunda panatsala odwala atatu. Amisiri anakhala pa mzere ngati wina aliyense, ndipo nthawi yawo itakwana analowa. Anamwino, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pa chingwe, sanafunse n'komwe chimene abwerera.

"Aphunzitsi. Pindani dzanja la malaya. Mwaonda. Mukudya chiyani masiku ano, mawaya?"

Anawakulunga lamba pa mkono, napopa, nayang'ana, nalemba manambala pa kapepala. Kenako anayang'ana wotchi ya pachifuwa nalemba nthawi pambali. Amisiri anaika katepi kaja pafupi ndi kapepalako.

Anamwino anayang'ana ziwirizo. Anavala magalasi, nayang'ananso, nawavula.

"Ndinamata?"

"Munamata."

"Ndi nthawi yomwe?"

"Ndi nthawi yomwe."

Anakhala pansi pa bedi la odwala. "Zaka twente ndikulemba nthawi pa botolo lililonse la diripi. Dzanja limalemba lokha." Anapukusa mutu. "Ndipo inu ndi amene munatiwononga. Ndinalowa kuti ndichotse khadi basi, mphindi zitatu. Kutsegula, fani ili ndi fumbi ngati pansi pa bedi la mbeta. Ndikanaisiya bwanji choncho? Sipiriti ndinali nayo m'chikwama."

"Kadzidzi."

Nkhope ya Anamwino inafuna kukwiya, koma pakamwa panawakanika. "Wakuuzani ndani, a ngolo aja? Munaona mmene ndinawadutsira? Ndinadikira mpaka kona yomaliza, iwo n'kutsegula mpata mbali ya m'kati, monga amachitira pa msewu weniweni." Anadzigwira natsokomola. "Mwana wanga atapita ku koleji anasiya kompyuta yake. Tsiku lina nditaweruka, mutu uli gwa ndi za odwala, ndinangoti ndione kuti chimawasangalatsa n'chiyani. Papita zaka ziwiri. Munthu asamve, Aphunzitsi. Ndine wa m'kwaya."

"Khadi."

"Ndinangobwereka. Ndimati ndibwezera lero m'mawa laibulale isanatsegulidwe. Ndiye ndinapambana. Fainolo lero sikisi. Ndinati kalasi ya mapulani ndi mawa, palibe atsegule pulogalamu ija lero. Mawa mbandakucha ikanakhala ili m'malo mwake."

"Yatsegulidwa. Alonda alandidwa makiyi. Faifi koloko akuchotsedwa ntchito, kenako apolisi."

Chimwemwe chonse chinawachoka. "Sananene kuti ndinabwera?"

"Akuti inu simungabe."

Anamwino anaika manja pa maondo. Kunja mwana wina ankalira jakisoni amene anali asanabayidwe.

"Ndikupatseni khadi mukaibweze mwakachetechete, ndi zimene mukufuna kunena," anatero Amisiri. "Ayi. Khadi ikangopezeka yokha, adzati Alonda aibweza poopa apolisi."

"Sindimafuna kunena zimenezo."

"Mumafuna."

"Pang'ono." Anamwino anayang'ana wotchi. "Kuchotsa khadi kunyumba, kufika ku laibulale faifi, kuyankha mlandu, kubwerera... Fainolo yapita. Zaka ziwiri." Anaimirira navula chovala cha ntchito. "Yapita ipite. Munthu uja manambala ake lero ayenera kuti afika kudenga. Muli ndi sikuludiraiva?"

Amisiri anagwira thumba la malaya.

* * *

Komiti inakhala pa tebulo lowerengera nyuzipepala. Apampando, bambo wamtali wopuma pa ntchito amene ankavala tayi ngakhale popita kogula buledi, anali ataika makiyi a Alonda patsogolo pawo. Alonda anaima pafupi ndi shelefu ya mabuku a ana, chipewa m'manja. Mkamwini ndi Dalaivala anali kumbuyo, poti nkhani inali itamveka msika wonse.

"Mlandu suola," Apampando anayamba, "ndipo ife monga komiti, titaunika mozama..."

Chitseko chinatseguka. Anamwino analowa atanyamula chinthu chokulungidwa mu thaulo loyera, monga amanyamulira khanda. Anachiika pa tebulo nachivundukula.

"Khadi yanu iyi. Ndinatenga ndine, dzulo masana, popanda chilolezo cha munthu. Makiyi ndinachotsa pa msomali Alonda asakuona. Iwo sakudziwa kanthu. Apolisi ngati mwaitana, wowayembekezera ndine."

Apampando anawayang'anitsitsa. "Inu, mayi? Kuti mutani nayo?"

Anamwino anayang'ana kudenga. "Mjaha wa magalimoto."

Kumbuyo kunamveka kaphokoso ngati tayala likuphwa. Dalaivala anali atagwira shelefu.

"Ayi," anatero motsitsa. "Ayi, ayi. Kadzidzi?"

"Khalani chete, a ngolo," anatero Anamwino osacheuka.

Apampando anagogoda tebulo ndi cholembera. "Tiyeni tibwerere ku mfundo. Makiyi anachoka pa msomali mlonda ali kuti?"

"Zimenezo ndi za ine ndi..." Anamwino anayamba, koma Alonda anasuntha kubwera kutsogolo.

"Ndinali pa benchi, bwana, maso otseka. Ndili ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mayiwa amandiyeza Lamulungu lililonse, ndipo manambala akakwera amandigoneka theka la ola. Ndinabisa poopa ntchito. Ndanena."

Mayi a mabuku analuma chala. Apampando anavula magalasi nawayang'ana Alonda kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Anali angati?"

"Bwana?"

"Manambalawo."

"Wani sikisite eyiti, pansi nainte faifi."

"Mwana," anatero Apampando. "Ine sabata yatha wani eyite. Mumamwa ati, oyera aang'ono aja kapena achikasu?"

"Oyera, bwana."

"Amakupititsani kuchimbudzi kawirikawiri?"

"Kosaneneka, bwana."

"Inenso." Apampando anakankha makiyi pa tebulo mpaka anafika m'mphepete. "Tengani. Kuyambira lero makiyi azikhala m'thumba, osati pa msomali. Mukagona, muzigonera pa iwo."

Alonda anatenga makiyiwo ndi manja awiri. Kenako anamasula batani la pakhosi.

"Tsono inu mayi," Apampando anatembenuka, nkhope itabwerera mwakale. "Mwachita chinthu choipa. Munthu wosalakwa watsala pang'ono kugona m'chitokosi chifukwa cha timagalimoto."

"Ndikuvomera. Alonda, ndikhululukireni. Ndinakugonekani ngati wodwala wanga, n'kukuberani ngati mlendo."

"Zatha, mayi," anatero Alonda.

Anthu a komiti ananong'onezana. Mayi a mabuku anaponyamo mawu awo, kuti katundu wabwera wathunthu ndipo kompyuta sinayambe yayerapo chotero. Pomaliza Apampando anagamula kuti apolisi asavutitsidwe, koma Anamwino azipukuta makompyuta onse asanu ndi imodzi mwezi uliwonse kwa chaka, komanso Lamulungu lililonse aziyeza aliyense wofuna, kuyambira ndi wapampando.

Amisiri sanamve zonsezi bwinobwino. Anali atagwada kale pakona. Khadi inalowa m'malo mwake n'kulira kuti kha. Anabwezera chingwe cha sikirini, natseka, nayatsa. Mafani awiri aja anayamba kuzungulira mwakachetechete. Anatsegula pulogalamu ya mapulani, ndipo inatseguka ngati chitseko chodzoza mafuta.

Wotchi ya pa khoma inati twente tu sikisi. Dalaivala ankasinthasintha miyendo ngati munthu wofuna kutaya madzi.

"Apampando, ndilankhuleko. Amene akukumana ndi Kadzidzi mu fainolo ndi wa tauni ina, ndipo ndi wamatama. Anatinena tonse a kuno kuti timayendetsa mawilibala. Khadi ili pano, intaneti ili pano, mwini wake ali pano. Mphindi twente zilipo. Gemuyo ndili nayo pa fulashi iyi, mkamwini wa Madala aiika mofulumira."

"Mphindi teni," anatero Mkamwini, atapinda kale manja a malaya.

"Laibulale ndi malo owerengera," anatero Apampando.

"Yatsekedwa faifi," anatero Mayi a mabuku.

Apampando anayang'ana Amisiri, ngati munthu yekhayo wanzeru amene watsala. "Kodi makinawa sangawonongeke?"

"Khadi yabwerera kumene," anatero Amisiri. "Iyenera kuyesedwa ndi ntchito yolemera."

"Ngati ndi kuyesa," anatero Apampando, nakokera mpando wawo kutsogolo kuposa wa wina aliyense.

Anamwino anakhala pa kompyuta, navala magalasi, natambasula zala. Dalaivala anaima kumbuyo kwawo akupereka malangizo a kona yachitatu, iwo n'kumuuza kuti malangizo a munthu wogonja amawalandira polemba kalata. Sikisi koloko itakwana, magalimoto awiri anaima pa mzere, yofiira ndi yobiriwira, ndipo Apampando anafunsa kawiri kuti yathu ndi iti.

Alonda anaonera masekondi ochepa ali pakhomo, khosi litatalika. Kenako anagwira thumba la makiyi natembenuka, poti geti linali lokha ndipo mlonda wa usiku anali asanafike. Amisiri anawatsatira nawagwira pa phewa.

"Kaonereni namwino wanu."

"Nanga geti?"

Amisiri anatuluka panja, nakoka mpando wa Alonda, nakhala pageti.